Magazi m'thewera la mwana woyamwa: ndinasala zakudya zambiri pachabe, chomuwenga chinali chimodzi

Mwana wanga wachiwiri anali ndi masabata 7 tsiku limene ndinaona magazi m'thewera lake. Unali m'mawa wa mwezi wa June, nthawi ija kuno ku Chinamwali kumazizira mpaka nkhungu kutsika m'phiri n'kuphimba nyumba za kumtunda. Ndinamuvula mofulumira kuti asazizidwe, ndipo nditati ndipinde thewera ndinaona timizere tiwiri tofiira, tating'ono ngati ulusi, titasakanikirana ndi zonanda ngati mamina m'chimbudzi chake chachikasu chija. Ndinapita nalo pazenera kuti ndionetsetse. Anali magazi ndithu. Mtima unangoti myuu. Koma mwiniwakeyo anali gone pabedi akuponya timiyendo, thupi silinali lotentha, ndipo nditamuika kubere anayamwa ngati masiku onse.

Ndiyambe ndi zimene ndinkadya, chifukwa nkhani yonse inagona pamenepo ngakhale panalibe amene anaganizirako. Nditangotuluka m'chikuta, bambo ake anapangana ndi mkulu wina woweta ng'ombe kuti m'mawa uliwonse azitisiyira lita imodzi ya mkaka pa njinga. Ndinkamwa tiyi wa mkaka katatu pa tsiku, masana kapu ya chambiko chothira shuga, madzulo nthawi zina mpunga wa mkaka. Tonse m'nyumba tinkakhulupirira kuti mkaka ndi umene umabweretsa mkaka. Ndi mwana woyamba, wamwamuna, ndinkadya chimodzimodzi ndipo sanavutikepo ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku lomwelo tinathamangira kukachipatala kena kolipira. Achipatala anamva mawu oti magazi, n'kunena kuti ndi kamwazi, ndipo anatipatsa mankhwala a madzi oti amwe masiku 5. Sindikuwada, chifukwa kamwazi aliko ndipo amapha ana. Koma sanamuvule mwana, thewera sanalione, ndipo sanandifunse ngati mwanayo amalawa china chilichonse kupatula bere. Mankhwala anatha, chimbudzi chinangowonjezera kupyapyala, timizere tija tili pompo: lero tilipo, mawa palibe, mkuja tabweranso.

Apongozi anga atamva, anakwera minibasi kuchokera ku Jali. Anamunyamula mwana, n'kumusisita paliwombo, kenako anandiyang'ana.

“Amake mwana, kodi inu mukumadya chiyani?”

Funso linali lolondola, ndipo iwo ndi amene anali oyamba kulifunsa. Koma yankho lake linatisocheretsa. Therere anati ndisiye chifukwa ndi limene likutuluka ngati mamina. Tomato ndi tsabola ndisiye chifukwa n'zofiira. Nyemba, nandolo ndi kabichi zikumutupitsa mimba. Mazira ayi, nsinjiro ayi, mlamba ayi. Amayi a pampopi nawo anawonjezera zawo: manachesi ngowawasa, nzimbe zimasungunula mkaka, papaya amatsegula m'mimba. Aliyense anachotsapo kake, ndipo ine ndinavomera zonse. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, komanso mayi amene waona magazi a mwana wake amagwira chilichonse chimene wapatsidwa. Ndinamvanso apongozi akuwaitanira ana awo kuseri kwa nyumba, kuwafunsa motsitsa mawu ngati sanamusemphe mwana. Bambo ake anabwerako nkhope ili yakugwa, ndipo masiku awiri m'nyumba munali zii.

M'mbale mwanga munatsala nsima, mpiru wowiritsa wa mchere wokha, ndi tiyi wa mkaka. Mkakawo ndiye anauwonjezera, poti ndinali nditasiya zambiri ndipo ankafuna kuti ndisafooke.

Ndinakhala choncho pafupifupi masabata atatu. Siketi imene inkandithina nditangobereka inayamba kuzungulira m'chiuno. Tsiku lina ndikuweramuka pochapa matewera, maso anangoti bii, ndinakhala pansi pomwepo m'matope mpaka mwana wa aneba kubwera kudzandigwira dzanja. Ndinkakwiya msanga, ndinkalira popanda chifukwa, ndipo nthawi iliyonse yoyamwitsa ndinkaona ngati ndikumumwetsa mwana wanga poizoni. Mayi wina wachifundo ndithu anandiuza kuti, “Achemwali, bere lanulo ndi loipa, zimachitika. Mugulireni wa m'chitini.” Bambo ake anakagula chitinicho m'tauni ndi ndalama imene tinasungira lendi, n'kuchiika pamwamba pa kabati. Tinagwirizana kuti tiyamba tikabwerako kusikelo mawa lake, poti linali tsiku la katemera wa masabata 10.

Kusikeloko ndinatenga thewera la m'mawa umenewo, nditalikulunga mujumbo. Chimenechi n'chimene ndinachita mwanzeru pa nthawi yonseyo, ndipo ndikupempha mayi aliyense kuti azichita: tengani theweralo, kapena lijambuleni pafoni pamalo owala. Mawu oti “magazi” amatanthauza zinthu zambiri, koma maso a wachipatala akaona yekha amasiyanitsa. Mlangizi wa zaumoyo anamuyeza mwana, n'kuona kuti mzere wa m'buku lake ukukwera bwinobwino. Kenako anasuzumira mujumbo muja, anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, “Mayi, mwanayu akukula, koma inuyo ndi amene mukutha. Chitinicho musatsegule. Pitani kuchipatala chachikulu lero lomwe.”

Kumeneko tinakumana ndi dokotala wa ana amene sanafulumire. Anamuvula mwana yense, anamugwiragwira pamimba, anayang'ana kotulukira chimbudzi ngati pali kachilonda kong'ambika, anayang'ana m'zikope ngati magazi ali okwanira. Anandipempha kuti aone nsonga za mabere anga, chifukwa mwana akhoza kumeza magazi a bere losweka n'kuwatulutsa. Anatumiza chimbudzi kukayezedwa. Zonse zitakhala bwino, anakoka mpando n'kundiuza kuti ndimufotokozere chilichonse chimene ndadya kuyambira dzulo m'mawa. Nditafika pa kapu yachitatu ya tiyi wa mkaka, anaika cholembera pansi.

Zimene anandifotokozera, ndi zimene ndinadzawerenga pambuyo pake, ndi izi. Mu mkaka wa ng'ombe muli mapuloteni amene kachigawo kake kochepa kwambiri kamatha kudutsa m'thupi la mayi n'kulowa mu mkaka wa m'mawere. Ana ambiri zedi sizimawakhudza n'komwe. Koma alipo ochepa, pafupifupi mmodzi pa ana 200 oyamwa bere lokha, amene thupi lawo limaona puloteniyo ngati mdani. Kwa ena mwa iwo nkhondoyo imachitikira kumapeto kwa matumbo: khungu la m'kati limatupa pang'ono n'kumatulutsa zonanda ndi timadontho ta magazi. Mwana wotere nthawi zambiri amaoneka wathanzi, amayamwa, amanenepa, ndipo n'chifukwa chake zimasokoneza. Mkaka wa ng'ombe ndi umene umatsogola pa zoyambitsa vutoli, kenako soya ndi mazira. Therere, tomato ndi manachesi sizinali pa mlandu ngakhale pang'ono.

Za nyemba ndi kabichi anaseka pang'ono mwaulemu. Anati mpweya umene nyemba zimabweretsa umapangidwira m'matumbo a mayi, ndipo mpweya sulowa m'magazi kuti ukafike kubere. Mkaka supangidwa kuchokera m'mimba mwachindunji ngati kuti pali paipi yochokera m'mbale, umapangidwa kuchokera m'magazi. Kulira kwa madzulo kuja, mwana akudzipinda, kumakula pa masabata 6 ndipo kumatha kokha pa miyezi itatu kapena inayi, kaya mayi wadya nyemba kaya sanadye. Tinsungu ta kumaso ta masabata oyamba, chimbudzi chobiriwira cha apo ndi apo, kubwezako pang'ono akayamwa, zonsezo ndi za ukhanda, si ziwengo.

Ndinafunsa za chitini chija. Anati mkaka wa m'chitini wa masiku onse umapangidwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe womwewo, ndiye ndikanamuchotsa mwana pa kadontho n'kumuika pa mtsuko wodzaza. Ulipo wapadera umene mapuloteni ake anaphwanyidwa kale, koma ndi wodula kwambiri ndipo supezeka wamba. Mkaka wa mbuzi nawonso si pothawira, chifukwa mapuloteni ake amafanana kwambiri ndi a ng'ombe. Ndiponso vutoli lisasokonezedwe ndi lija la akuluakulu amene mimba imawawira akamwa mkaka. Lija limabwera chifukwa cha shuga wa mumkaka wotchedwa lactose, ndipo shuga ameneyu ali kale wambiri mu mkaka wa mayi aliyense, kaya amamwa mkaka wa ng'ombe kapena ayi. Choncho mkaka wolembedwa kuti alibe lactose suthandiza pa ziwengo, puloteni ija imakhala ilimobe.

Malangizo ake anali achidule. Bwererani ku zakudya zonse zimene munasiya, lero lomwe. Chotsani chinthu chimodzi chokha, mkaka wa ng'ombe ndi zonse zopangidwa nawo, kwa masabata 4. Pitirizani kuyamwitsa bere lokha. Soya musasiye pokhapokha tikaona kuti sizikusintha. Muzilemba m'kope zimene mwadya ndi zimene mwaona m'thewera. Akatha masabatawo mudzamwenso mkaka dala, kuti tidzatsimikize.

Gawo lomalizali ndi limene ndinalikana mumtima, koma ndi limene lili lofunika kuposa onse. Timagazi totere nthawi zina timasiya tokha. Mayi akasiya chakudya china magazi n'kutha, amakhulupirira kuti wapeza mdani, mwina zangokumana. Akapanda kuyesanso, akhoza kudzimana chaka chathunthu popanda chifukwa. Ndikuganiza kuti umu ndi mmene mndandanda wa zoletsedwa wa kwathu kuno unatalikira: mayi wina kalekale anasiya therere, mwana wake anachira pa nthawi yake, ndipo therere linasenza mlandu mpaka lero.

Pobwerera tinatsikira mumsika wa Zomba. Ndinagula matemba a ku Chilwa, mulu wa bonongwe, tomato, nyemba zofiira ndi mazira. Apongozi anaona ndikuthira nsinjiro m'ndiwo ndipo sanayankhule. Nditamaliza kupakula ndinakhala nawo pamkeka n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa mawu akuti, “Amayi, munalondola kuti vuto lili m'mbale mwanga, adokotala avomereza.” Zinali zoona, ndipo zinatsegula khomo. Nditatchula mkaka anagwira pakamwa, poti ndi iwo amene ankanditenthetsera. Ndinawauzanso, bambo ake ali pomwepo, kuti adokotala apeza chifukwa chake ndipo si munthu amene walakwa. Nkhani ya tsempho inathera pamenepo.

Magazi anachepa pa tsiku lachitatu, pa lachisanu n'kusowa. Kenako sabata yachiwiri anabweranso, ndipo ndinataya mtima kuti mwina adokotala aphonya. Kope lija ndi limene linandipulumutsa. Nditabwerera m'mbuyo masamba awiri ndinaona kuti ndinali nditayamba kuthira mu tiyi ufa uja woyeretsa tiyi umene anthu amati si mkaka weniweni, komanso ndinadya mabisiketi kumaliro. Ndinatenga paketi ya ufawo n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo, ndipo puloteni ya mkaka inalimo. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kufunafuna mawu a Chingerezi awa pa paketi iliyonse: milk, milk solids, whey, casein, caseinate, butter, cream. Amabisala m'majarini ena, m'mabisiketi, mu buledi wina, m'masikono, m'makeke ndi mu chokoleti. Ku ukwati ndi kuchinkhoswe ndinkangodya mpunga, nyama ndi masamba, keke n'kuipereka kwa wina. Ubwino wake, chakudya chathu cha kumudzi chilibe mkaka mwachibadwa. Nsima, ndiwo zotendera, futali, thobwa, mbatata, chinangwa, zonsezo zinali zanga.

Chimene ndinkaopa ndi mafupa anga. Mayi woyamwitsa amafunika kashiamu wokwana mamiligalamu 1,000 pa tsiku, ndipo kapu imodzi ya mkaka imapereka pafupifupi 300. Nesi wa zakudya anandiuza kuti tinsomba timene timadya ndi minga yomwe, matemba, usipa ndi bonya, ndi nkhokwe ya kashiamu, kuwonjezera masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani. Anandikumbutsa magulu 6 a zakudya amene amatiphunzitsa kusikelo ya amayi oyembekezera, ndi kuti woyamwitsa amafunika kudya kawiri kowonjezera pa tsiku, osati kuchepetsa. Ndinachita manyazi pokumbukira kuti ndinali nditatsala ndi magulu awiri okha ndi mkaka. Apongozi anatenga nkhani ya matemba ngati udindo wawo. Atabwerera ku Jali ankatitumizira kathumba ndi kondakitala wa minibasi, atasankha okha ouma bwino, opanda mchenga.

Masabata 4 oyera atakwana, ndinamwa kapu imodzi ya tiyi wa mkaka m'mawa, ina mawa lake. Dzanja linkanjenjemera. Madzulo a tsiku lachiwiri zonanda zinabwerera, ndipo m'mawa mwake kamzere kofiira kanaoneka. Ndinasiyanso, ndipo patapita masiku anayi kunali mbee. Apa tinadziwa, osati kungoganiza.

Pali chinthu chimene adokotala anabwereza kawiri, ndipo nane ndichibwereza. Kuyesanso kunyumba kumeneku n'kwa ziwengo za pang'onopang'ono ngati za mwana wangayu, zimene zimaoneka patapita maola ambiri kapena masiku. Pali mtundu wina wachangu, umene umabuka pasanathe maola awiri, kawirikawiri mwana akadya yekha chakudyacho: zidzolo zotupa thupi lonse, milomo kapena zikope kutupa, kusanza motsatizana, kupuma mwaphokoso kapena movutikira, kulefuka. Zimenezo si zolemba m'kope kapena kudikira kuti kuche, ndi zokwera njinga yamoto nthawi yomweyo. Chimodzimodzi magazi ambiri kapena chimbudzi chakuda bii, masanzi obiriwira, mimba yotupa ndi yolimba, kulira kwa mwadzidzidzi kobwerezabwereza akukokera miyendo pamimba, kutentha thupi, kukana bere, kapena kusakwera sikelo. Ndipo magazi alionse m'chimbudzi cha khanda ayenera kuonedwa ndi wachipatala kaye. Musawerenge nkhani yangayi n'kungosiya mkaka muli kunyumba, chifukwa za mwana wanu zikhoza kukhala zina.

Pa miyezi inayi masaya ake anayamba kuuma ndi kuyabwa, ndipo mantha aja anabwerera. Ndinali wokonzeka kusiya mazira ndi mtedza. Adokotala anandiletsa. Anati khungu lotere nthawi zambiri silichokera m'mbale ya mayi, limafuna kusamalidwa: kumusambitsa ndi madzi ofunda pang'ono, kusiya sopo wonunkhira ndi paudala, kumudzoza mafuta a vaselini opanda fungo kangapo pa tsiku, ndi kutsukuluza bwino zovala zake. Zinathandiza.

Atakwana miyezi 6 ndi kuyamba phala, nkhondo ina inali ya nsinjiro. Ine ndinkaganiza kuti mwana amene wawengedwa ndi chinthu chimodzi ayenera kutalikirana ndi zonse zodziwika ndi ziwengo. Madokotala enieniwo ankaganiza choncho kale. M'chaka cha 2000, bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, linkalangiza kuti m'mabanja a ziwengo mayi woyamwitsa apewe mtedza ndipo mwana asaulawe mpaka zaka zitatu. Mu 2008 linabweza malangizowo chifukwa panalibe umboni woti amateteza. Kenako mu 2015 kafukufuku wotchedwa LEAP, amene anatsogolera Pulofesa Gideon Lack ku London pa makanda 640 amene anali pa chiopsezo, anapeza kuti ana amene anayamba kudya mtedza ali aang'ono anachepetsa mwayi wowengedwa nawo ndi pafupifupi 80 peresenti poyerekeza ndi amene anaupewa. Nditamva zimenezi ndinaganiza za agogo athu amene akhala akuthira nsinjiro m'phala la mwana kuyambira kale, ndipo ndinaona kuti pamenepa anali patsogolo. Tinayamba ndi kansonga ka supuni, m'mawa, kuti tikhale ndi tsiku lonse lomuyang'anira, ndipo chakudya chatsopano chilichonse tinkachipatsa masiku ake chisanabwere china. Mtedza ndinkasankha ndekha, kutaya wonse wofota ndi wachuku, n'kusinja mpaka kusalala, poti wathunthu umatsamwitsa mwana. Dzira lophika bwino linatsatira, kenako ufa wa matemba, kenako phala la soya. Zonse zinadutsa bwinobwino.

Chitini chija chinakhala pamwamba pa kabati mpaka tsiku lake lotha ntchito linadutsa. Nthawi zina ndikachiona ndinkaganiza za usiku umene tinagwirizana zochitsegula. Tikanatero, mwana akanadwala kwambiri, mkaka wanga ukanauma, ndipo tikanati bere lija linalidi loipa. Ndikanamuchotseranso chitetezo cha bere, kuno kumene nthawi ya dzinja madzi a m'mipopi amabwera ofiira ndipo kutsegula m'mimba kumagwetsa makanda.

Ndinakhala miyezi pafupifupi 10 osalawa mkaka, kupatula masiku awiri oyesera aja. Ndinausowa, makamaka m'mawa wozizira, ndipo tiyi wa mandimu sanalowe m'malo mwake ngakhale ndinamuzolowera. Ana ambiri a vuto limeneli amalisiya akamakwanitsa chaka, ndiye tsiku lake lobadwa litadutsa adokotala anatipatsa ndondomeko yokwera pang'onopang'ono. Ndinayamba ine, ndi tiyi wa mkaka kwa sabata yathunthu. Kenako iye: kachidutswa ka bisiketi, patapita masiku kachidutswa ka sikono, poti mkaka wophikidwa mu uvuni suwenga kwambiri ngati wamadzi. Pomaliza inali supuni imodzi ya yogati. Anakwinya nkhope, n'kutsegulanso kukamwa kufuna ina.

Masiku atatu otsatira thewera lililonse ndinkapita nalo pazenera pomwe paja. Munalibe kamzere ngakhale kamodzi. Loweruka lake bambo ake anaimbira foni mkulu wa njinga uja kuti ayambirenso kutisiyira mkaka, koma theka la lita, ndipo ine ndinapitiriza kumuyamwitsa mpaka atakwanitsa zaka ziwiri ndi mwezi umodzi.